Munthu Amene Anakana Kutchedwa Madala

Mwezi wathawu tinapita ku Nathenje kukaika chiliza pamanda a atate, popeza chaka chakwana chitisiyireni. Pobwerera ndinatsika minibasi pa Mitundu n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Mnyamata woyendetsayo, wosamera ndi ndevu zomwe, anatembenuka n'kundifunsa, "Mutsikira pati, mayi? Pa Madala?"

Ndinapsa mtima pomwepo. Malo amene ankanenawo ndi pamphambano ya njira yolowera kumudzi kwathu, pansi pa mtengo wa mango pamene atate ankakonzera njinga ndi matayala a ngolo. Ndipo ngati panali mawu amene a Geresomu Mbewe anadana nawo moyo wawo wonse, ndi amenewa. Ukanatha kuwaitana atate, ababa, abambo, ngakhale adadi monga amachitira ana a m'tauni, iwo n'kuyankha. Koma ukati madala, ankakutembenuzira khutu lawo logontha n'kupitiriza ntchito yawo ngati palibe wayankhula.

Ndinene poyera kuti sanali ondibereka. Anatipeza, ine ndi mlongo wanga Kondwani, amayi atasiyidwa ndi mwamuna wawo woyamba amene anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, osabwerakonso. Ine ndinali nditayamba kale kutunga madzi ndi kachidebe, Kondwani akadali kumsana. A Geresomu anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi ya ku Joni, ali ndi bokosi lamalata, njinga yakuda ndi khutu limodzi lophedwa ndi phokoso la pansi pa nthaka. Kwawo kunali ku Nathenje, koma analowa chikamwini m'mudzi mwa amayi monga mwa mwambo wathu. Estere, mzime wa m'nyumba mwathu, ndiye anabereka okha patapita zaka zambiri.

Kwathu kuno munthu amatchedwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Abale awo a ku Nathenje, Estere atabadwa, anayamba kuwaitana kuti atate ake a Estere. Iwo anawadzudzula pamaso pathu. Anati mwana woyamba m'nyumba mwawo ndi Rozina, amene ndi ine, ndipo wofuna kuwaitana awaitanire pa dzina limenelo. Alongo awo anang'ung'udza kuti munthu sadzitamira ndi chimanga cha m'munda wa eni, koma atate anaima pa mawu awo. Anali otero: akanena kamodzi, sankabwerezanso, ndipo sankasinthanso.

Anali munthu wamfupi, wa manja akuluakulu osayenerana ndi thupi lake. Tiyi ankamwa wozizira chifukwa ankamuiwala pa chitsa ntchito ikawakomera. Ankakalipira aliyense wobweretsa njinga yamatope, amvekere munthu sapita kuchipatala osasamba. Limu ya tayala yopindika sankaimenya ndi nyundo ngati anzawo. Ankaizunguliza pang'onopang'ono, kumanga sipoko iyi, kumasula iyo, ndipo mwini njinga akatopa n'kudikira ankamuuza kuti chinthu chimene chinapindika pang'onopang'ono sichiwongoka ndi ukali. Anthu ankadandaula kuti ndi ochedwa, koma ankabweranso. Kunyumba kwa apongozi awo sankakhala pampando, ngakhale atakalamba. Ulemu wa mkamwini ankaudziwa wonse, ndipo palibe anawapezapo chifukwa.

Mkangano wa dzina lija unabwera ndi Kondwani. Atakula anapeza ntchito ya ukondakitala pa minibasi za pakati pa Mitundu ndi Lilongwe, ndipo posakhalitsa lilime lake linasintha. Amayi anasanduka masteni, ndalama zinapeza mayina atsopano sabata iliyonse. Amayi ankangoseka. Tsiku lina anafika pakhomo, thumba la buledi m'manja, napeza atate atawerama pa tayala la ngolo.

"Madala, zikuyenda?"

Atate anaika sipanala pansi. "Ukunena ndani?"

"Inuyo, madala anga. Ndi mmene timanenera m'tauni."

"Ine ndili ndi dzina. Ndili ndi ana. Ngati wachita manyazi kunditcha atate chifukwa sindinakubereke, nena, ndimve."

 Kondwani sanaganizeko zimenezo ngakhale pang'ono. Analumbira kuti anzake onse amatero, ngakhale amene amakhala ndi bambo owabereka, ndipo ndi mawu achikondi. Atate anakana buledi uja. Ndiye Kondwani, pofuna kuwaonetsa kuti ndi chikondi, anachita zoipirapo. Atagula njinga yake ya kabaza, analembetsa ndi penti yofiira pa kathabwa ka kumbuyo kuti MADALA ANGA, n'kubwera nayo monyadira kudzaionetsa. Atate anaiyang'ana, anayesa matayala ndi chala, anamanga mabuleki, kenako anatapa mchenga wonyowa n'kupala zilembo zija mpaka thabwa linayera. Amayi anawakalipira kuti akuvutitsa mwana pa nkhani yopanda pake. Anthu awiriwa anatha nyengo yonse yokolola akulankhulana kudzera mwa ine.

Chifukwa chodanira ndi mawuwo atate anatiuza kamodzi kokha. Tinali m'chigafa tikusoka fodya, mvula ikugwa masana, ndipo panalibe kothawira. Anati mawuwo si a m'tauni monga ankaganizira Kondwani. Anabwera m'mabokosi amalata pamodzi ndi mabulangete ndi mawayilesi, kuchokera ku Joni ndi ku Halale. Kwa eni ake, Azulu ndi Andebele, ndi mawu aulemu onena munthu wamkulu, wokalamba. Koma m'chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chimene ankalamulirana nacho m'migodi, madala anali nkhalamba iliyonse imene mphamvu zolowera pansi zatha, imene ankaipatsa tsache kuti izisesa m'komboni. Kapitawo sankavutika kufunsa dzina lake. Ankangoti madala, bwera, madala, sesa apa.

Bambo awo a atate anali mtchona. Anapita ku Joni atate ali khanda, osabwerakonso, osatumiza ndi uthenga womwe. Ndiye atate atafika kumeneko ali mnyamata, ankayang'anitsitsa nkhope ya nkhalamba iliyonse ya tsache. M'komboni mwawo munali imodzi yosayankhula ndi munthu. Itadwala, malungo ataikwera m'mutu, inayamba kubwebweta m'Chichewa, kutchula mtsinje wa Diamphwe ndi kuitana mwana wina dzina lake Nasilina kuti atseke mbuzi. Atate anaifunsa dzina ndi mudzi, koma nzeru zinali zitapita kale. Itamwalira anainyamula anthu ochepa amene anali pa tchuthi tsikulo, ndipo m'busa pofunsa kuti tikuika yani, onse anayang'anana. Wina anati, "Madala."

"Sanali atate anga," anatero, singano ya fodya ili m'manja. "Ndinaonetsetsa. Koma anali atate a wina. Kwinakwake ku Diamphwe kuli Nasilina amene mpaka lero sadziwa." Anati tsiku limenelo ndi limene anatsimikiza mtima kuti akabwerera kwawo sadzachokanso pamene pali ana ake, zivute zitani. Madzulo ake Kondwani anawatengera madzi kubafa, zimene anali asanachitepo.

Lonjezo limenelo linayesedwa amayi atamwalira. Estere anali mu Sitandade 6. Ine ndinali nditakwatiwa, ndili ndi nyumba yanga m'mudzi momwemo, Kondwani ali m'tauni. Maliro atatha, titameta, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi kuti asudzule atate. Mwambo ndi womveka: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa, amabwerera kwawo, ndipo ana amatsala m'manja mwa mwini mbumba. Mwini mbumba wathu anali atsibweni a Filipo, mlongo wawo wa amayi, amene anakwatira ku Malingunde. Sanali munthu woipa, koma anali ndi ana aang'ono ambiri ndi mkazi wodwaladwala, ndipo anali atanena kale kuti Estere akakhala nawo kumeneko. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Mtsikana wopita kukalera ana a eni sabwereranso m'kalasi.

Ine ndinapempha kuti atate atsale. Atsibweni anandiyang'ana ngati nkhuku yalowa m'tchalitchi. Anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo mawa akadzafuna mkazi wina adzamulowetsa m'nyumba ya mlongo wawo? Anawathokoza atate chifukwa cholera ana, nawauza kuti njira yawo yayera.

Atate anawomba m'manja mwaulemu. "Ndamva, alamu. Mwambo sindiuphwanya. Koma pakhale pomveka pamaso pa ankhoswe: mwandisudzula pa mkazi. Pa ana simunandisudzule, chifukwa mwambo wosudzula munthu pa ana ine sindinaumvepo."

Anthu anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi mawu a munthu wachisoni. Atate anamanga bokosi lamalata ndi mphasa pa njinga yakuda ija, natsagana ndi ankhoswe awo kupita ku Nathenje. Estere anawathamangira mpaka pamphambano akulira, ine ndikumukoka. Sanacheuke. Ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinati mumtima mwanga amuna onse ndi amodzi.

Ku Nathenje anafika, analonjera abale, anagona. M'mawa mwake anabwerera.

M'mudzi mwathu sanalowe. Malire a mudzi wathu ndi mudzi woyandikana nawo ndi njira ija, ndipo mtengo wa mango uli tsidya linalo. Pansi pake panali chulu ndi minga, malo opanda ntchito a banja lina limene atate ankalikonzera ngolo kwa zaka zambiri. Anawapempha, iwo anavomera. Anadula minga, anaimika kanyumba ka mitengo n'kukaphoma ndi dothi, kochepa moti mphasa ndi njinga zinkadzazamo. Kenako anatenga limu yakale ya galimoto, anaipachika ndi waya pa nthambi ya mango.

Tsiku lotsatira, dzuwa likungotuluka, mudzi wonse unadzidzimuka. Ngwee! Ngwee! Ngwee! Atate ali chilili tsidya la njira, sipanala m'manja, akufuula, "Estere! Sukulu!"

Anachita zimenezi tsiku lililonse la sukulu. Estere akamadutsa ankamuyang'ana makope, kumupatsa mbatata yootcha, ndipo mvula ikagwa ankamukweza pa njinga. Pobwerera ankakhala pa chitsa kulemba ntchito ya kusukulu, iwo akumanga masipoko. Akulu a m'mudzi sanawapeze ndi mlandu. Munthuyo anasudzulidwa, kwawo anapita, m'nyumba ya malemu saponda, m'munda wa malemu salima. Ena ankati apenga ndi chisoni. Alongo awo anabwera kuchokera ku Nathenje kudzawanyengerera, ati kwanu kuli munda, kuli nyumba, mukudzisandutsa choseketsa pamalire a eni. Atate anawaphikira tiyi, nawaperekeza.

Patapita masabata angapo atsibweni anabwera kudzatenga Estere. Anamumangira zovala m'chitenje, anamukweza pa kaliyala ya njinga, ine nditaima pakhomo manja ali m'khosi, popeza mwana wamkazi sakangana ndi mwini mbumba. Koma njira yotulukira m'mudzi mwathu ndi imodzi. Ndinawatsatira chapatali. Atafika pa mango, anapeza atate atamanga kale bokosi lamalata pa njinga, ali pamwamba pa chitsa akumasula limu ija pa nthambi.

"Mukupita kuti, alamu?" anafunsa atsibweni.

"Ku Malingunde."

"Kukatani?"

"Kumene kukupita mwanayu. Ndi wanu, sindikukana, mutengeni. Ine ndikapempha kamtengo kena pafupi ndi nyumba yanu, ndikapachike chitsulochi. M'mawa uliwonse ndizikaimba, azipita kusukulu."

"Musandiseweretse, a Mbewe."

"Sindiseka ndi alamu anga. Koma inu kumeneko ndinu mkamwini ngati ine. Mukakonzeke kufotokozera apongozi anu kuti nkhalamba ikuimba chitsulo kuseri kwa nyumba yawoyo ndi ndani, ndipo ikufuna chiyani."

Atsibweni anatsika njinga. Anawayang'ana atate, anayang'ana limu ili m'manja mwawo, anayang'ana anthu amene anayamba kusonkhana. Ankawadziwa bwino atate. Ankadziwa kuti akanena kamodzi ndi momwemo, ndipo ankadziwanso apongozi awo, mayi wa pakamwa amene mudzi wonse wa kumeneko unkamuopa. Anatukwana pang'ono chapansipansi, kenako anamasula kamtolo ka Estere n'kundiponyera. Anati mwanayo akhale kwa ine mpaka atalemba mayeso, zinazo tidzaona. Atate anawathokoza mwaulemu wonse, anaona kuti tcheni cha njinga yawo chalendewera, nawakonzera asanapite. Kenako anakweranso pa chitsa n'kubwezera limu pamalo pake.

Zinazo sitinazione. Estere analemba mayeso, anapita kusekondale, ndipo lero ndi mphunzitsi. Limu sinasiye kulira iye atachoka, chifukwa ana anga anali atayamba sukulu, kenako ana a anthu ena onse. Amayi a m'mudzi amene poyamba ankatukwana phokoso anayamba kudandaula tsiku limene atate adwala osaimba.

Dziko ndi lozungulira. Akazi awo a atsibweni atamwalira, nawonso anasudzulidwa ku Malingunde, nabwerera kwathu ndi mphasa pa njinga, ana awo atatsala kumeneko. Tsiku loyamba anadutsa pa mango atazolika. Tsiku lachiwiri atate anawaitana kuti adzawagwirire tayala. Kuyambira pamenepo nkhalamba ziwirizo zinkakhala limodzi, kusewera bawo ndi kukangana za mitengo ya fodya, ndipo nkhani ya tsiku lija palibe anaitchulanso. Atate ndi amene ankawakakamiza kuti azipita ku Malingunde kukaona ana, amvekere njinga yanu ndaikonza, mulibe chifukwa.

Nkhondo imodzi yokha ndiyo sanaipambane. Makabaza atachuluka, anyamata ankadzaza pansi pa mango kudikira okwera ndi kupopa matayala, ndipo kwa iwo munthu wamkulu aliyense ndi madala. Atate sanatope nawo. Mnyamata akati, "Madala, tibwerekeni pampu," pampu sinkatuluka. Ankamuyang'ana n'kufunsa, "Madala ake ati?" Mnyamatayo ankayenera kunena bwinobwino kuti ndi ndani, ndi atate ake a yani, ndiye pampu izituluka. Watsopano ankaphunzitsidwa ndi anzake asanafike. Ine ndinkawauza kuti mukudzivutitsa, mawuwa ana a masiku ano amanenera bambo awo owakonda, za ku Joni sazidziwa. Ankandiyankha kuti akudziwa, ndipo alibe nawo mlandu anawo, koma iwo anaona kumene mawuwo amathera.

Anadwala nthawi yochepa, namwalirira kuchipatala cha pa Mitundu, Estere atawagwira dzanja lina, Kondwani lina. Abale awo anabwera kudzatenga thupi kuti likagone ku Nathenje. Sitinalimbane nawo, chifukwa atate anatiuziratu kuti mwambo udzatenge mtembo, iwo zawo anachita ali moyo. Zolemba pa chiliza anakonza ndi Kondwani yemwe uja, amene tsopano ali ndi imvi ndipo ana ake amamutcha madala iye n'kumaseka. Analembetsa dzina lonse, ndipo pansi pake mayina athu atatu, langa lili poyamba.

Ndiye tsiku lija pa kabaza, mnyamata atandifunsa ngati nditsikire pa Madala, ndinangomulozera njira mpaka tinafika. Nditatsika, ndisanamupatse ndalama yake, ndinamufunsa monga akanafunsira eni ake. "Madala ake ati?"

Anandiyang'ana ngati ndachokera kutali. "Simukuwadziwa? A Mbewe, aja ankakonza njinga apa. Atate ake a Rozina."

Sankandidziwa. Ndinamupatsa ndalama yake, iye n'kuliza njinga kubwerera ku Mitundu.

Kanyumba kaja kanagwa ndi mvula ya chaka chino, ndipo pamene panali khomo pamera chisoso. Chitsa chilipo, chosalala pamwamba, ndi dothi lozungulira likadali lakuda ndi oyilo moti udzu umakana kumerapo. Pa thunthu la mango pali bala pamene chogwirira cha njinga yakuda chinkatsamira zaka zonsezo. Bawo la nkhalamba ziwiri lija, lokumba pansi, ladzaza mchenga. Limu ikadali pa nthambi, waya wake walowa m'khungwa, ndipo dzimbiri laidya paliponse kupatula pamalo amodzi pamene sipanala inkamenya. Wogula zitsulo zakale anabwera kudzaifunsa, ine ndinamuuza kuti adutse. Ndinaima pamenepo kanthawi, tsidya lino la njira, mbali imene iwo ankaima. Kuchokera apo denga la nyumba ya amayi limaoneka lonse, ndi khomo limene Estere ankatulukira.